Kusunga Sabata uli pa ntchito yamanja mu Lusaka

Ndine telala. Ndimasoka m'kashopu kakang'ono ku Kamwala, ndipo ndimakhala ku Chawama ndi amuna anga, ana atatu, apongozi anga aakazi ndi mwana wa mchemwali wanga amene ndinamutenga ku Katete. Aliyense wodziwa ntchito yathu akudziwa kuti ndalama za telala zili pa Loweruka. Maukwati, makitchini pate, chilanga mulilo, matebeto, zonse zimagwera tsiku limenelo, ndipo Lachisanu madzulo makasitomala amafika ali wefuwefu, wina zipi yaphulika, wina diresi yamuthina m'chiuno. Koma ine Lachisanu ikangokwana 15:00 ndimafunditsa makina ndi chitenje n'kukhoma chitseko. Ndachita zimenezi zaka 14. Mwezi wathawu mtsikana wina amene wangobatizidwa kumene mu mpingo wathu wa Seventh-day Adventist, woluka tsitsi pafupi ndi shopu yanga, anandifunsa kuti, "Amayi, inu mumatha bwanji?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa ndinali ndi nsalu pamakina. Apa ndikufuna ndimuyankhe bwinobwino, iyeyo ndi ena amene ali ndi funso lomwelo.

Choyamba lidziweni tsikulo ndi malire ake, chifukwa chilankhulo chathu chimasokoneza. Ine ndinakulira mu mpingo wa Reformed Church in Zambia, ndipo kwathu amayi akati "tionana pa Sabata" ankanena Lamulungu. Komanso timawerenga masiku kuyambira Lolemba, n'chifukwa chake pali Lachiwiri, Lachitatu mpaka Lachisanu, ndiye munthu akawerenga ndi zala amapeza kuti lachisanu ndi chiwiri ndi Lamulungu. Maina amenewa amatsata masiku a ntchito: Loweruka ndi tsiku loweruka, Lolemba ndi tsiku lolembanso ntchito. Baibulo limawerenga mwina. Tsegulani Luka 23:54 muwerenge mpaka 24:1. Mupeza masiku atatu ondondozana: tsiku lokonzekera limene Yesu anaikidwa m'manda, Sabata limene amayi otsata Yesu anapumula monga mwa lamulo, ndi tsiku loyamba la mlungu limene anapeza manda ali apululu. Akhristu ambiri amavomereza kuti Yesu anafa Lachisanu n'kuuka Lamulungu. Lapakatilo ndiye Sabata.

Silimayamba pakati pa usiku ayi. Limayamba dzuwa likalowa Lachisanu n'kutha dzuwa likalowa Loweruka, monga mmene Genesis 1 amawerengera tsiku kuyambira madzulo. Kuno ku Lusaka nthawi yolowa dzuwa imasuntha pafupifupi ola lathunthu pachaka. Mu Juni limalowa cha m'ma 17:45, mu Okutobala itangodutsa 18:00, mu Januwale cha m'ma 18:40. Ambiri amene amagwidwa ndi Sabata ali m'basi pa Kafue Road amagwidwa m'nyengo yozizira, atazolowera kuwala kwa m'dzinja. Foni iliyonse masiku ano imaonetsa nthawi yolowa dzuwa. Iyang'aneni Lachinayi, muchotsepo maola awiri a mzere wa magalimoto ndi kusamba, ndipo nthawi yotsalayo ndiyo yanu yowerukira.

Tsopano funso limene ndikanakonda wina akanandifunsa ndisanabatizidwe: mukulisungiranji? Musathamangire kuyankha ndi vesi. Khalani pansi mudzifunse nokha, chifukwa yankho lake ndi limene lidzaoneke pankhope panu Loweruka lililonse, ndipo ana anu adzaliwerenga.

Ine ndinalowa ndi mantha. Amuna anga anali a Sabata kale, ndipo ndinapita nawo ku msonkhano wa m'tenti kumene mlaliki analalikira za chilombo cha m'buku la Chivumbulutso ndi chizindikiro chake mpaka usiku sindinagone. Ndinabatizidwa ndikuthawa moto. Zaka zinayi zoyambirira nyumba yanga Loweruka inali ya malamulo okhaokha. Mwana asathamange, asaseke kwambiri, asatole mpira. Ndinkafika pa kulowa kwa dzuwa nditatopa ndi kukalipa, mutu ukuwawa, n'kuyambitsa nyimbo mkwiyo uli pakhosi. Tsiku lina mwana wanga woyamba, ali ndi zaka 6, anandikoka chitenje masana n'kufunsa kuti, "Amama, Sabata litha nthawi yanji?" Anafunsa mwaulemu, koma zinandilasa. Mlungu womwewo ndinakumana ndi Amosi 8:5, pamene amalonda akufunsana kuti Sabata litha liti kuti atsegule tirigu wawo. Ndinazindikira kuti mwanayo wangonena mokweza zimene ine ndinkanena chamumtima ndikaganiza za nsalu zimene zikundidikira ku Kamwala.

Chimene chinanditembenuza ndi kupeza kuti lamulo la Sabata linalembedwa kawiri, ndipo zifukwa zake n'ziwiri. Pa Eksodo 20:8-11 chifukwa chake ndi chilengedwe: Mulungu anapanga zonse masiku asanu ndi limodzi, n'kupumula, n'kudalitsa tsikulo. Ndikafunditsa makina ndimakhala ndikuvomera kuti dziko silinapangidwe ndi manja anga, ndipo siligwa ine ndikaleka kupalasa. Koma pa Deuteronomo 5:12-15 chifukwa chake n'china: ukumbukire kuti unali kapolo ku Igupto, ndipo Yehova anakutulutsa. Kapolo sanena kuti lero sindigwira. Munthu amene angathe kuuza kasitomala wa ndalama m'manja kuti "pepani, mawa sinditsegula" ndi mfulu. Mu mzinda muno, mmene lendi, mayunitsi a magetsi ndi ndalama za sukulu zimatithamangitsa kuyambira Januwale mpaka Disembala, ufulu umenewu ndimaumva m'thupi mwenimweni, m'mapewa ndi m'maso amene atopa ndi kulowetsa ulusi.

Ndime ya Deuteronomo ija ili ndi mawu ena amene anandichititsa manyazi. Imati wantchito wako wamwamuna ndi wamkazi apumule monga iwe. Ine ndinkapita ku tchalitchi nditatchena, mwana wa mchemwali wanga n'kutsala akutsuka mbale, kukolopa ndi kusonkha mbaula kuti tikabwera tidye zotentha. Sabata langa linkapumira pamsana pa mwana wa eni. Ngati muli ndi wantchito wa pakhomo, kapena wachibale amene mumamusunga, yambirani pamenepo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Muuzeni kuti kuyambira Lachisanu madzulo alibe ntchito, kaya amapemphera nanu kaya ayi, ndipo musamudule malipiro.

China chimene muyenera kuchimvetsa msanga n'chakuti Sabata si ndalama yogulira kumwamba. Aefeso 2:8-9 amanena poyera kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo, osati ndi ntchito. Sindisunga tsikuli kuti Mulungu andikonde. Anandikonda kale, ndipo ine ndimabwera pa tsiku limene anapangana nane. Wosunga ndi mantha amangowerenga zoletsedwa. Amene wamvetsa chisomo amafunsa funso lina, lakuti tsikuli ndilikonze bwanji kuti likome, pakuti Yesaya 58:13 amalitchula kuti chokondweretsa.

Mu mpingo mupeza anthu olowera makomo osiyanasiyana. Alipo obadwiramo, monga mnzanga wina wa ku Monze amene agogo ake anaphunzira ku Rusangu, mishoni imene W. H. Anderson anatsegula mu 1905 atachokera ku mishoni ya Solusi ku Zimbabwe. Kwa iwo Sabata lili ngati dzina la mtundu wawo, ndipo vuto lawo nthawi zina ndi kulisunga mwachizolowezi osadziwanso kukoma kwake. Alipo olowa chifukwa cha banja, alipo amene anakhutira atawerenga okha, alipo amene anachira pa chipatala cha mishoni n'kutsalira. Khomo lililonse ndi khomo, musanyoze la mnzanu. Chofunika n'chakuti mukalowa musaime pakhomopo zaka 20.

Tibwere ku ntchito. Kusunga Sabata kumalephereka Lachiwiri, pamene ukulonjeza kasitomala chinthu chimene sungathe. Ndinaphunzira zimenezi mowawa. Chaka changa chachitatu mayi wina anabwera ndi madiresi 6 a operekeza mkwatibwi, ukwati uli Loweruka, ndipo ine ndinali kale ndi mayunifolomu a sukulu. Anandiwonjezera ndalama, ndinavomera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dzuwa la Lachisanu linapendeka madiresi awiri asanapindidwe m'munsi, ina yopanda zipi. Ndinatseka shopu, ndipo mayiyo analira pakhomo panga n'kunena kuti anthu a Sabata ndi oipa mtima. Sanalakwe kukwiya. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinachititsa kuti Sabata langa lilipiridwe ndi munthu amene sanapangane nalo. Ndinamubwezera ndalama zonse, koma dzina la mpingo ndinali nditalidetsa kale pamaso pake.

Kuyambira pamenepo ndimachita chonchi. Kasitomala watsopano aliyense ndimamuuza tsiku loyamba, asanatulutse nsalu m'thumba, kuti Loweruka sinditsegula ndipo Lachisanu ndimaweruka 15:00. Ndinalembanso pa chitseko. Chovala cha mwambo wa Loweruka ndimalemba m'buku kuti adzatenge Lachinayi, ndipo kuyesa kumachitika Lachiwiri, kuti ngati pali pokonza ndikhale ndi Lachitatu. Lachisanu ndimangolisiyira tizigamba, mabatani ndi kusesa m'shopu. Wobwera mochedwa ndimamulozera kwa telala mnzanga wa Chikatolika wa mzere womwewo, ndipo sinditengapo kangachepe, chifukwa ndikatenga ndiye kuti akundigwirira ntchito pa Sabata. Lamulungu ndimatsegula 07:00. Ambiri amakhala atatseka, ndiye anthu ogwira ntchito m'maofesi amene alibe mpata pakati pa mlungu amabwera tsiku limenelo kudzayesa. Makasitomala ena ndinawataya ndithu. Ena anakhazikika chifukwa anaona kuti ndikanena Lachinayi limakhala Lachinayi.

Ngati ndinu wolembedwa ntchito, nenani pa tsiku lofunsidwa mafunso, osati mutasaina kale. Pitani ndi chopereka m'manja: mudzabwera Lamulungu, mudzagwira pa maholide, mudzalawirira masiku ena. Kalata ya abusa imathandiza, makamaka kwa ana a sukulu ndi a ku koleji amene mayeso awo angagwere Loweruka, koma ipite kumayambiriro kwa temu, osati mawa lake kuli mayeso. Ndipo masiku asanu ndi limodzi aja gwirani ngati munthu. Lamulo lomwelo limene limati upumule limatinso ugwire. Bwana savutika kumasula munthu amene amafika nthawi yabwino ndipo sasowetsa katundu.

Sindikunamizani kuti nthawi zonse zimatha bwino. Amuna anga ankayendetsa lole pa kampani ina ya katundu wa golosale. Atasintha mabwana, watsopanoyo anati aliyense azibwera Loweruka. Anapempha, anapereka Lamulungu, zinakanika, ntchito inatha. Anakhala miyezi 8 pakhomo. Tinadya kapenta ndi repu, tinachedwa lendi kawiri, ndipo ine ndinatuluka mu chilimba chifukwa ndinalibe choponya. Umboni umene timamva kutsogolo kwa tchalitchi nthawi zambiri ndi wa uja amene anachotsedwa Lachisanu n'kupeza ntchito yabwino Lolemba. Zimachitika, koma kwa ife sizinatero, ndipo ntchito imene anapeza pambuyo pake inali ya malipiro ochepa. Sitinong'oneza bondo. Koma mukaona m'bale amene akulimbana nazo, ana ali ndi njala, musamuponyere vesi muli chiimire. Mufunseni ngati kunyumba kuli ufa.

Za pakhomo zimayamba Lachinayi. Tsiku limenelo ndimadzera ku msika wa Soweto kugula ndiwo, tomato ndi makala, n'kuona ngati mayunitsi a magetsi afika Lamulungu. Madzi timatunga odzaza migomo yonse Lachisanu m'mawa. Zovala za ku tchalitchi timachapa Lachitatu, ndipo timasita nthawi iliyonse imene magetsi abwera, ngakhale pakati pa usiku. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankatha pafupifupi tsiku lonse, ndipo ndinagula simbi ya makala imene mpaka lero ndimaisunga. Nsapato ana amapolisha okha Lachinayi madzulo. Nyale zotchaja zikhale zodzaza. Zimaoneka zazing'ono, koma mkangano wa Loweruka m'mawa nthawi zambiri umayamba ndi sokosi imodzi yosowa.

Kuphika n'kwa Lachisanu. Pa Eksodo 16 mana ankagwa owirikiza tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo Mose anawauza kuti chophika aphikiretu, chootcha aotcheretu. Zimene zimagona bwino ndi nyemba zouma, kapenta wokazinga, nkhuku kapena nsomba yokazinga mouma, mbatata, chinangwa, mpunga, chikanda ndi vitumbuwa. Ndiwo zotendera, monga chibwabwa cha nsinjiro, zimasasa msanga m'nyengo yotentha ya Okutobala ngati mulibe firiji, ndiye ndimazisiyira masiku ena. Munkoyo ndimakonza Lachinayi kuti Loweruka ukhale udakali wotsekemera.

Nanga nsima? Funso ili lagawanitsa amayi ambiri pa mabenchi a tchalitchi. Ena amaphika Lachisanu n'kuika m'mbale zosunga kutentha, ena amadya mkute, umene kuno ambiri amati chimbala, ena amangodya mpunga ndi buledi. Kwathu ndiwo zonse zimapsa Lachisanu, koma Loweruka masana timasonkha mbaula, kutenthetsa ndiwozo ndi kuphika kansima kamsangamsanga, chifukwa apongozi anga ndi okalamba ndipo amamwa mankhwala ofuna chakudya chotentha. Timasinthana wophika, amuna anga nawonso amagwira mthiko. Ena mu mpingo sagwirizana nane ndipo ndimawalemekeza. Chimodzi chokha sindigonjapo: m'nyengo ya mvula chakudya chogona chitenthetsedwe mpaka chiwire. Tonse tikukumbukira kolera wa kumayambiriro kwa 2024, pamene sukulu zinachedwa kutsegulidwa ndipo odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium. Mulungu salemekezedwa ndi mwana wotsekula m'mimba chifukwa mayi ake anaopa kuyatsa moto.

Dzuwa lisanalowe, aliyense akhale atasamba. Ife timakhala pa mphasa pabalaza patatsala mphindi 20. Timaimba nyimbo ziwiri kapena zitatu, ndipo ana ndi amene amasankha. Timawerenga salimo lalifupi, kawirikawiri 92 limene pamutu pake panalembedwa kuti ndi nyimbo ya pa Sabata, kenako aliyense amatchula chinthu chimodzi chimene akuyamika pa mlunguwo. Ngati ine ndi amuna anga tinayambana pakati pa mlungu, timakambirana kuchipinda tisanakhale pa mphasapo, chifukwa ana amadziwa nyimbo yoimbidwa ndi anthu osalankhulana. Chakudya cha Lachisanu usiku ndicho chabwino koposa cha mlungu wonse. Ngati nkhuku ilipo imodzi pamwezi, imadyedwa usiku umenewo. Ndinachita dala zimenezi kuti mwana akamva fungo la nkhuku azikumbukira Sabata.

Foni ndiyo shopu imene imakutsatira kuchipinda. Ine sindizimitsa, chifukwa amayi anga ali kumudzi ndipo uthenga wa matenda sudikira. Koma mauthenga a makasitomala pa WhatsApp sinditsegula, ndalama zikalowa pa foni sindiwerengera, ndipo Facebook ndimaisiya. Kasitomala akaimba ndimayankha mwaulemu kuti tilankhulane mawa madzulo. Thupi likhoza kukhala pa benchi mtima uli pa mitengo ya nsalu, ndipo nkhondo yeniyeni ili pamenepo. Nehemiya anatseka zipata za Yerusalemu kuti amalonda a nsomba a ku Turo asalowe pa Sabata, koma iwo anagona kunja kwa linga mpaka anachita kuwathamangitsa. Maganizo a ntchito amatero. Chimene chimandithandiza ndi kulemba zonse zotsala m'buku Lachisanu ndisanatseke, kuti mutu usamazisenze.

Loweruka m'mawa Sukulu ya Sabata imayamba ulaliki usanafike, ndipo timagawana m'makalasi kukambirana phunziro la mlunguwo, lochokera m'kabuku ka miyezi itatu. Musaiphonye. Mu ulaliki mumangomvera, koma m'kalasi mumafunsa, ndipo ndi mmene anthu amadziwira dzina lanu. Sankhani tchalitchi chapafupi choti muziyenda wapansi. Mu Lusaka pafupifupi komboni iliyonse ili nacho. Ngati n'kutali kapena miyendo siilola, kwerani basi ndi ndalama zokonzeratu, mtima uli m'malo. Tengani chakudya choposa cha banja lanu. Pa nkhomaliro pamakhala mnyamata wa ku koleji kapena mlendo amene waima pambali akunamizira kuwerenga foni, ndipo mbale imodzi yowonjezera yasunga anthu ambiri mu mpingo kuposa maulaliki ena.

Masana kumakhala kuphunzira Baibulo, mapulogalamu a achinyamata, gulu la ana la Pathfinder, ndipo ife a Dorika, gulu la amayi a mu mpingo, nthawi zina timapita kukaona odwala ndi okalamba. Ndi zabwino zonsezi, koma ndinene mosabisa: mpingo ukhoza kukutopetsani pa Sabata kuposa ntchito. Ndaona amayi akuchoka kunyumba 07:30 n'kubwerera mdima, miyendo itatupa, ana ali ndi njala. Kamodzi pamwezi ife timabwerera kunyumba tikatha nkhomaliro. Ndimagona ola limodzi, kenako timayenda pang'ono ndi ana, kapena timakhala panja apongozi n'kumasimba za kale. Ana aang'ono musawakhazike chete maola 24. Asungireni zinthu za Sabata zokha, mabuku a zithunzi, mapensulo a mitundu, masewero ongoyerekeza nkhani ya Nowa kapena ya Davide, zimene sazigwira masiku ena.

Povuta kwambiri ndi pa abale. Kuno maukwati ambiri ndi a Loweruka, ndipo maliro sasankha tsiku. Za ukwati ndimanena msanga, khadi likangofika. Ndimapita ndekha kukafotokoza, osatuma uthenga pa foni, ndimasoka chovala cha mayi wa mkwatibwi kwaulere, ndimathandiza kuphika Lachinayi, ndipo ngati madyerero ndi a usiku ndimafika dzuwa litalowa. Ena amamvetsa, ena amakhumudwa ndithu, ndipo ndimawalola kukhumudwa popanda kuwalalikira. Maliro ndi nkhani ina. Ife tikamakonza tokha sitiika maliro pa Sabata, koma akakonza ndi ena, ndimapita. Mwana wa aneba anga ataikidwa ku Chingwere Loweruka, ndinakhala pambali pa mayi ake tsiku lonse. Mlongo wina wa mu mpingo anandifunsa chifukwa chake sindinaoneke ku tchalitchi, ndipo ndinamuuza kuti maliro n'kulirana. Sindikhulupirira kuti Yesu amene anamasula mayi wopindika msana zaka 18 pa Sabata, pa Luka 13, akanandiuza kuti ndimusiye mnzanga alire yekha.

N'chimodzimodzi ndi matenda. Usiku wina wa Lachisanu mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe anayamba kumva zowawa za uchembere mwamuna wake ali ku ntchito ya ulonda. Amuna anga anathamanga kukafuna takisi, analipira, ine ndinagula thonje ndi magolovesi pa famase, ndipo tinachezera pa chipatala. Sitinafunsane n'komwe ngati n'kololedwa. Yesu anafunsa pa Mateyu 12:11-12 kuti ndani angasiye nkhosa yake m'dzenje pa Sabata, ndipo anati n'kololeka kuchita zabwino tsiku limenelo. Chipatala cha mpingo wathu cha Mwami, kufupi ndi Chipata, chakhala chikulandira odwala kuyambira 1927, ndipo manesi ake sasiya wodwala pa bedi chifukwa dzuwa lalowa. Kungoti musasandutse chilichonse kukhala nkhosa ya m'dzenje. Kasitomala woiwala kutenga siketi yake si nkhosa ya m'dzenje.

Ndatsala ndi nkhani ya mmene timaonera Akhristu opemphera Lamulungu, ndipo apa mtima wanga umawawa. Amayi anga ndi a Chigwirizano mu Reformed mpaka lero. Ndiwo anandiphunzitsa kugwada, ndiwo amadzuka 04:00 kutchula maina a adzukulu awo onse pamaso pa Mulungu. Nditangolowa Sabata ndinapita ku Katete ndi mavesi odzaza m'kamwa, ndinawauza za Constantine, mfumu ya Aroma, ndi lamulo lake la chaka cha 321 lopumula pa tsiku la dzuwa, ndinawatchulira za Babulo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Mwana wanga, wabwera kudzandiona kapena kudzandiweruza?" Panapita zaka ziwiri tisanachezenso momasuka. Zimene ndinanena za Constantine n'zoona, ndipo ndikukhulupirirabe ndi mtima wonse kuti Sabata la m'Baibulo ndi Loweruka ndipo silinasinthidwe ndi Mulungu. Koma ndinazinena kuti ndipambane, osati chifukwa chowakonda. Masiku ano ndikapita kumudzi iwo amandiphikiratu Lachisanu osapemphedwa, ndipo Lamulungu ine ndimawaperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi chawo.

Kunyada kukakufikirani, kumbukirani kuti ngakhale mpingo wathu unachita kuphunzitsidwa. A Seventh Day Baptist anali ndi mpingo wosunga Sabata ku Newport, ku America, kuyambira 1671. Mayi wina wa Seventh Day Baptist, Rachel Oakes, ndi amene anafikitsa nkhani ya Sabata kwa oyembekezera kubwera kwa Yesu ku Washington, New Hampshire, cha m'ma 1844. Joseph Bates, mmodzi wa oyambitsa mpingo wathu, analemba kabuku kake ka Sabata mu 1846, dzina lakuti Seventh-day Adventist linasankhidwa mu 1860, ndipo mpingo unakhazikitsidwa mwadongosolo mu 1863. Ngakhale Malamulo, mishoni yotchuka ija ya ku Thyolo ku Malawi, inali ya a Seventh Day Baptist isanagulidwe ndi Adventist mu 1902. Lero mu Zambia tinapitirira miliyoni imodzi, ndipo Hakainde Hichilema, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti mu 2021, ndi wa mpingo wathu. Sitilinso kagulu kobisala. Pamene tinali ochepa chiyeso chinali kuchita manyazi, koma panopa ndimaona chiyeso cha kuyang'ana ena pansi, m'basi, pa msika, ngakhale pa maliro. Munthu akakufunsani za Sabata muyankheni mofatsa, mumuonetse mavesi, ndipo ngati n'kotheka mumuitanire chakudya cha Lachisanu usiku adzaone yekha. Akapanda kufunsa, musamutsekereze pakona.

Mudzalakwitsa, makamaka chaka choyamba. Dzuwa lidzakulowerani muli pa Kulima Tower mukudikira basi, kapena mudzazindikira kuti mwakhala theka la ola mukuwerengera ngongole m'mutu nthawi ya ulaliki. Musanene kuti basi laonongeka, ndingopitiriza. Pempherani pomwepo, m'basi momwemo, ndipo mlungu wotsatira muweruke msanga.

Potseka musathamange. Kale ndinkakhala maso ali pa wotchi, dzuwa likangolowa n'kudumphira pa beseni la mbale. Tsopano timabwereranso pa mphasa ija, timaimba nyimbo imodzi, ndipo mwana wanga uja amene anafunsa kuti litha nthawi yanji, amene panopa ndi mnyamata wamtali kundiposa, ndiye amakonda kupemphera pemphero lotsekera. Kenako timathira tiyi, timagawana vitumbuwa zotsala, mbale timatsuka tonse pamodzi. Ndikatero ndimatsegula foni, kuyankha makasitomala mmodzimmodzi, n'kutulutsa buku lija kuona nsalu yoyamba kudula Lamulungu m'mawa.